Musawalandenso Foni Amayi

Achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga amayi, bondo lija likuwalola kuyenda? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima ayi, ndipo amene mwaudetsa ndinu. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni mumandidula mawu ndi nthabwala.

Mukukumbukira kuti kampani yathu inapatsidwa ntchito yokonza webusayiti ya chipatala cha maso. Gawo langa linali loti munthu akatsegula tsambalo pa foni, adziwe podina akafuna kusungitsa tsiku loonana ndi dokotala. Bwana ankafuna mabatani onse abisidwe kuseri kwa timizere titatu pakona, ati zimaoneka zaukhondo ndipo aliyense akutero masiku ano. Ine ndinakana. Ndinati ambiri opita kuchipatala cha maso ndi achikulire osaona bwino, timizere timeneto adzatiyesa litsiro la pagalasi. Tinakangana mpaka tiyi kuzizira m'makapu. Pomaliza tinagwirizana kuti munthu wachikulire ayese, ndipo ine ndi pakamwa pangapa ndinapereka amayi.

Ndinakupemphani kanthu kakang'ono, kuti muwapatse foni, mukhale pambali, muone. Munandiyankha tsiku lomwelo kuti amayi apeza zonse mosavuta, mpaka munaseka kuti aposa ndi inu omwe. Ndinapita kwa bwana nkhope ili pansi n'kuvomera kuti ndagonja. Timizere tija tinakhala.

Sabata yatha anatiitanitsa kuchipatalako. Ndinapeza khonde ladzaza, ena atakhala pamasitepe, ambiri osasungitsa tsiku chifukwa anasowa podina. Mlembi wa pawindo mawu anali atasasa ndi kubweza anthu. Ndinamva bambo ena achikulire, diso limodzi lomata thonje, akumufotokozera kuti atatsegula tsambalo anangoona chithunzi cha madokotala akumwetulira, ndiye anangoti abwere okha. Mlembiyo anawauza kuti adzabwerenso tsiku lina. Mkulu wa chipatala atafunsa kuti anavomereza zoterezi ndani, bwana analoza ine, ati ndinayesa ndi mayi anga ondibereka.

Zoona zake ndazimva kwa alamu, ndipo musawakalipire, ndinachita kuwapanikiza. Akuti amayi anayang'ana foniyo kanthawi, chala chili m'malere, inu n'kuwalanda, kudinadina, n'kuwauza kuti izi si za anthu a msinkhu wawo. Akuti pambuyo pake amayi anauza alamu kuti mutu wawo watha ntchito, ndipo ine ndisamve, kuopa kundichititsa manyazi kuntchito. Apa ndiye pakundiwawa, achimwene. Amayi sanalakwe chilichonse. Cholakwika chinali tsambalo, ndipo kusochera kwawo kuja ndiwo umboni umene ndinkaufuna. Inu munautaya chifukwa munkathamangira kukaonera mpira, kenaka munandinamiza.

Ndikudziwa mudzati munkafuna kundisangalatsa. Ine si mwana woti muzindipatsa switi. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo mukanangondiuza kuti amayi alephera, bambo aja sakanayenda ulendo wachabe.

Ntchito sanandichotse, ngakhale bwana moni wanga akuyankha ndi mphuno. Andilola kukonzanso poti achipatala akalipa kwambiri. Timizere ndachotsa. Tsopano munthu akangotsegula akuona mawu akuluakulu, osabisika: kusungitsa tsiku, nthawi yotsegulira, njira yofikira kuchipatala, kuimba foni. Madokotala omwetulira aja ndawatsitsira pansi. Patsamba lililonse pali batani lobwerera poyambira, pamalo amodzimodzi. Komabe sindingadzikhulupirire ndekha, chifukwa maso anga anazolowera, ngakhale nditatsinzina ndipezabe podina.

Pempho langa ndi ili. Tsamba latsopanolo ndatumiza pa foni ya alamu, osati yanu. Muyambe mwawapepesa amayi, muwauze kuti woyesedwa ndi ine, si iwo ayi. Kenaka alamu awapatse foni ndi kuwapempha kuti asungitse tsiku. Inu manja akayamba kuyabwa muwakhalire. Amayi akasochera musawalozere ngakhale ndi diso. Alamu adzandiuze pamene chala chinaima ndi zimene amayi ananena, ngakhale atanena kuti mwana wawo anapitira sukulu pachabe. Akalephera, ndikonzanso. Akalepheranso, ndikonzanso, mpaka adzafike okha.

Mundiperekere moni kwa azakhali, amalume ndi ana onse. Alamu ndawathokoza chifukwa cha chilungamo chawo. Amayi muwauze kuti mutu wawo uli bwinobwino, ndipo chipatala chonse chikudikira chala chawo. Inu moni wanu ndausunga kaye, mudzaulandira ndikamva kuti mwapepesa.

Ndine mlongo wanu,
chitsirizira wa amayi