Chiguduli chimene ababa anafunditsa galimoto

Moatize,
12 Outubro

Wokondedwa mlongo wanga Natércia,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi ana kumeneko ku Domwe. Kodi mwendo wa amayi uja unaphwa? Nanga ababa akudzuka bwanji ndi msana wawo? Ine kuno ndili moyo, kungoti dzuwa la chaka chino likutiwamba ngati nsomba.

Usadabwe kuti ndalemba kalata ngati munthu wakale pomwe telefoni ilipo. Telefoni ya kunyumba kwako imakhala m'thumba mwa amuna ako, ndipo nkhani iyi sindikufuna kuti alamu Alcides ayambe ndiwo kuimva. Ndapatsira Anita wa kwa azakhali, akukwera shapa, minibasi ija, mawa. Uwerenge uli wekha.

Galimoto ya asosiyasau yanu ya alimi a mbatatesi, ija imakoka ndi mateyala onse anayi, ili pa ofisina pathu pokonzera magalimoto kuyambira Lachiwiri. Ukudziwa kale kuti inafera pachitunda, alamu akubwerera kumudzi ndi matumba a adubu wothira m'minda. Chimene sukudziwa ndi chomwe chinaipha. Ine ndikuchidziwa, ndipo chandisowetsa mtendere.

Ndikufotokozere pang'ono, usanene kuti mlongo wako wayambanso za zitsulo zake zija. Motoru wa galimoto imeneyi ali ndi turubo, imene imakankhira mpweya wambiri m'kati kuti pakhale mphamvu. Mpweya ukapanikizidwa chotero umatentha kwambiri. Ndiye usanalowe mu motoru umayamba wadutsa m'kabokosi ka timapaipi kamene timati intakula. Kamakhala pamwamba pa motoru, pansi pa kakamwa kaja umakaona pa kapo, chivundikiro cha motoru chija, kuti mphepo izikawomba galimoto ikamathamanga. Ntchito yake ndi kuziziritsa basi. Kakasowa mphepo, motoru amameza moto, ndipo singano yoonetsa kutentha siikuuza msanga chifukwa iyo imayeza madzi, osati mpweya.

Potsegula kapo Lachiwiri ndinali ndekha. Ndinapeza intakula itafunditsidwa bwinobwino ndi chiguduli chopinda pawiri, chomangidwa ndi chingwe cha khonje m'makona onse anayi, chitada bii ndi mafuta ndi fumbi. M'kati mwa motoru pisitau imodzi yang'ambika. Natércia, mfundo ya chingwecho ndinaidziwa ndisanaikhudze n'komwe. Ndi ija ababa amamangira matumba a mbatatesi, yozunguliza kawiri n'kusiya kamchira kokokera. Anatiphunzitsa tonse awiri kudimba, iwe n'kuigwira msanga kuposa ine.

Mmene zinayendera sindikufunika kuuzidwa. Chiyambire pamene asosiyasau inawapatsa ntchito yosamala galimotoyo, ababa ndiwo amaitsuka n'kuyang'ana mafuta ndi madzi m'mawa uliwonse. Alamu amangopeza zonse zili tayale n'kuliza, kapo saikhudza polemekeza apongozi awo. Mu Junho chisanu chikagwa kwathu, galimoto imavuta kulira, imatsokomola utsi woyera. Ababa anaiona ikuvutika, ndiye anachita zomwe amachita ndi thole lobadwa nthawi yozizira, anaifunditsa. Pa maulendo a ku Ulongwe ndi ku Kalomwe, kumtunda kozizirako, palibe chinaoneka. Koma kutsika nacho chiguduli kuno mwezi uno, kenako kukwera chitunda dzuwa lili paliwombo, adubu atadzaza mpaka pamwamba, motoru sakanapirira.

Ndinachita chinthu chimene sindinachitepo chiyambire ntchito. Ndinamasula chiguduli chija n'kuchibisa m'chikwama changa a Bernardo, shefi wathu woyang'anira ofisina, asanafike. Iwo atayang'ana pisitau anangoti motorisita, kunena alamu amene amaiyendetsa, ndiye anaikakamiza galimoto pachitunda, ndipo anandiuza kuti ndilembe zomwezo mu relatoriyu yofotokoza chomwe chinaipha, imene akuluakulu a asosiyasau apempha. Akuifuna Lachisanu likudzali, kuti Lamulungu akatuluka m'tchalitchi akhale pansi. Ndamva kuti anena kale zoti wolakwayo amuchotsa ntchito pamaso pa anthu onse.

Ndiye taona pamene ndaima. Ndikalemba zimene akunena a Bernardo, amuna ako achotsedwa popanda mlandu, ndipo m'Domwe monse palibe adzawapatsenso chiwongolero. Iwe ndi ana mudzagwira pati? Ndikalemba za chiguduli, ababa aimiritsidwa pabwalo ndi imvi zawo, anthu akugwa nako kuseka kuti nkhalamba inafunditsa galimoto. Anthu a kwathu ukuwadziwa, nkhani imeneyi adzaipekera nyimbo, ndipo siidzatha ngakhale pamaliro awo. Ukudziwanso mmene ntchito ija inawadzutsira atasiya khasu chifukwa cha msana. Munthu wake uti amavala kazaku, jekete lake la kutchalitchi, popita kukatsuka galimoto?

Pepala ndakhala nalo masiku atatu, ndangolembapo tsiku ndi nambala ya galimoto. Manja angawa amamasula motoru yense n'kumubwezera osatsala parafuzu ngakhale imodzi, koma pepala limeneli lawakanika. Ndili ndi mantha, ndiponso manyazi. Alamu ponyamuka Lachinayi anandigwira chanza n'kulumbira kuti singano sinasunthe mpaka galimoto inazima, ndipo anati mtima wawo uli m'malo poti wolemba relatoriyu ndi ine, amene ndimadziwa kayendetsedwe kawo. Ndinalephera kuwayang'ana kumaso.

Mlandu wina ndi wanga ndithu. Nditabwera pa Pasika, ababa anandiitana kawiri kuti ndikaone galimoto yawo, paja amaitchula choncho. Ine ndinawayankha kuti ndatopa nazo zitsulo, ndabwera kudzapuma. Ndikanangotsegula kapo n'kuwalozera kuti aka kokha kamakonda kuzizira, bwenzi lero ndikukulembera za mitengo ya sopo.

Pempho langa ndi limodzi. Upite kwa ababa, uwapeze ali okha amayi kulibe, uwauze zonse monga ndalembera muno. Usawakalipire, paja pakamwa pako ndimapadziwa. Mwina akamva angasankhe kupita okha kwa akuluakulu Lamulungu lisanafike, akanene ndi pakamwa pawo m'nyumba, osati pagulu. Mwina akuluakuluwo angawamvere chisoni, sindikudziwa. Ndikudziwa kuti ndikukusenzetsa katundu wanga, ndipo undikhululukire. Ndikanabwera ndekha, koma a Bernardo akana kundimasula sabata ino.

Zikakukanika, undiimbire pa telefoni ya Anita Lachinayi lisanathe, ungonena kuti walephera. Ukatero ndilemba zoona, chifukwa sindingagwetse banja lako ndi bodza. Koma pambuyo pake sindikudziwa kuti m'nyumba ya ababa ndidzalowamo ndi nkhope yanji.

Mbatatesi zimene ababa anapatsira alamu zinandipeza. Anatumizanso mawu akuti galimoto akuisamala ngati mwana, chifuwa chake cha m'mawa chinatheratu, ndipo ndikabwera pa Natale kumapeto kwa chaka andionetsa nzeru imene anaipangira, akuti ngakhale ine mekaniku ndidzaphunzirapo kanthu. Mbatatesizo zili pakona pomwe ndinaziika, sindinaphikeko ngakhale imodzi.

Upereke moni kwa amayi, kwa azakhali ndi kwa amalume a ku Fonte Boa. Ana uwauze kuti malume awo sanawaiwale. Alamu uwapatse moni ngati kuti wachokera kwa Anita. Ababa usayambe ndi moni wanga. Uyambe wawauza, ndipo akafuna kuulandira pambuyo pake, ndiye uwapatse.

Ndine mlongo wako,
Custódio