Mabisiketi obwezedwa kusukulu

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira bondo lija lasiya kukuvutani. Ine kuno kudziko la eni mtima wakhala pansi tsopano.

Aphunzitsi a mdzukulu wanu ankabweza mabisiketi amene ndinkamulongedzera. Chonsecho ndinkasankha apamwamba kuti asamaoneke wosauka. Atandiitanitsa, chakudya chinandikanika, paja amati kuno mayi wosasamala amalandidwa mwana.

Neba wanga anandiphunzitsa Chijeremani pang'ono. Apfel ndi apozi, Gurke ndi nkhaka, ohne Zucker ndiye kuti zopanda shuga. Ndinakawatchulira aphunzitsi aja mawuwo, nkhaka yolowa m'malo mwa mabisiketi ili m'manja. Anaseka, n'kuloza mano a mwanayo. Nkhani yonse inali ya mano basi.

Sanafunse chifukwa chimene bambo ake sabwereranso kudzamutenga. Inunso musafunse kaye.

Ndine mwana wanu wamantha uja.