Fupa la Lachisanu

Msakambewa,
Dowa.
2 Malichi, 2025.

Okondedwa achimwene a Limbani,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kanengoko. Kuno mvula ikugwa ndithu ndipo chimanga chakhwima, koma sindikulemba kuti tikambe za chimanga. Ndakwiya, ndipo mmodzi mwa anthu omwe ndawakwiyira ndinu.

Buku la galamala ya Chingerezi lomwe munanditumizira ndikuligwiritsa ntchito monga munandiuzira. M'mawa uliwonse pokwera chitunda cha kusukulu ndimayenda ndekha ndikusintha ziganizo mokweza, za lero kuzibweza dzulo, za dzulo kuzipititsa mawa. Ana oweta mbuzi amati ndazungulira mutu. Zimenezo sizindikhudza.

Nkhani yomwe simukuidziwa ndi ya fupa. Aphunzitsi athu a Chingerezi, a Kadammanja, anabweretsa fupa la mwendo wa ng'ombe, n'kuliboola, n'kulimanga pachingwe. Wogwidwa akuyankhula Chichewa pasukulu amalivala m'khosi mpaka atagwira mnzake. Amene belu lomaliza la Lachisanu lamupeza nalo, Lolemba amakumba dzenje la zinyalala. Analonjezanso kuti amene sadzalivala mpaka kutsekera, ndiye adzapite ku mpikisano wa Chingerezi ku Dowa Boma. Mu Fomu 2 monse ndinatsala ndekha. Sikuti ndine wanzeru ayi. Munthu wopanda anzake angagwidwe akuyankhula ndi yani?

Lachitatu la sabata inayo tinali ndi mayeso a galamala masana, koma bukulo ndinaliiwala pamphasa. Amayi satha kuwerenga, amangolidziwa ndi chikuto chake chobiriwira. Anasiya khasu, analikulunga m'chitenje, n'kukwera chitunda chonse chija mvula ili pamsana. Anafika nthawi yopuma, matope mpaka m'mawondo, ife tonse titaunjikana pakhonde.

"Enoki, waiwala buku lako. Ndakutengeranso chimanga chootcha. Wadya kanthu iwe?"

Tsiku limenelo fupa linali ndi Victor, mwana wa eni golosale aja, ndipo wovala fupa saopanso kanthu. Anandiyandikira mpaka mpweya wake kundifika m'khutu.

"Tawayankhatu, mzungu wa ku Msakambewa. Mayi ako akudikira."

Achimwene, ndinawayankha m'Chingerezi. Ndinati zikomo, pitani kunyumba, ndatanganidwa. Chiganizocho chinalibe cholakwika, moti a Kadammanja anagwedezera mutu ali pawindo. Amayi anandiyang'ana, kenako anayang'ana mapazi awo. Ananyonyomala monga amachitira kwa adokotala, n'kundipatsa bukulo ndi manja awiri.

"Pepani, bwana," anatero, n'kubwerera mumvula momwemo.

Kuyambira tsiku limenelo anasiya kundikalipira. Madzi akumwa ankandipatsa atagwada. Mbuzi zitalowa m'munda mwa aneba athu a Lines anathamanga okha kukazitulutsa, n'kuwauza kuti, "Bwana akuwerenga, tisawasokoneze." Masiku asanu ndi anayi ndinakhala ngati mlendo m'nyumba yomwe ndinabadwiramo. Akanangondikwapula bwenzi zili bwino.

Ndinakwiyira Victor. Ndinakwiyira a Kadammanja, omwe akalowa mu ofesi amaseka ndi anzawo m'Chichewa chomwechi, ife tikumva pawindo. Kenako ndinadzifunsa kuti khalidwe limeneli ndinalionera kuti. Mukukumbukira pa Khirisimasi mutangotsika pakabaza? Amayi anakuthamangirani, inu n'kuwalonjera m'Chingerezi anthu akuonerera, ndipo atasowa choyankha munaseka. Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe, ndimvekere, kuphunzira n'kumeneku. Inu munabwerera kutauni. Simunamve azimayi akuwayeserera moni umenewo pamjigo mwezi wathunthu.

Dzana, Lachisanu, fupa linali ndi Roza, mtsikana wofatsa yemwe anagwidwa chifukwa chofuula kuti "mayo" atapunthwa pamwala. Belu litatsala pang'ono kulira ndinaimirira pakati pa phunziro.

"Aphunzitsi, ndikupempha fupalo."

A Kadammanja anafunsa m'Chingerezi kuti ndati chiyani.

"Ndati mundipatse fupa. Kapena Chichewa simukumva?"

Ku Boma sindipitanso. Mawa ndikumba dzenje, ndipo ati likhale lolekeza m'chiuno chifukwa cha mwano. Mwanowo ndikuuvomera.

Poweruka fupalo limasiyidwa mu ofesi, koma ine ndinatsika nalo chitunda lili m'khosi, aliyense akuona. Ndinapeza amayi akusenda nyemba pakhonde. Ndinakhala pansi pafupi ndi mapazi awo n'kuwafotokozera zonse, za Victor, za mpikisano, ndi zomwe ndinanena tsiku lija. Anangopitiriza kusenda mpaka lichero linadzaza. Kenako anatukula mutu.

"Ndiye iwe wataya ulendo wa ku Boma chifukwa cha chifupa cha agalu? Chitsiru cha mwana! Vula chonyansacho, ukatenge mbuzi kudambo. Ukuyesa zibwera zokha?"

Ndinathamanga mpaka kuiwala nsapato.

Buku lija sindinalisiye, ndili pa mutu wachisanu ndi chinayi, ndipo mayeso a JCE ndikhoza, kaya a Kadammanja afune kaya asafune. Mukapeza dikishonale yakale munditumizire. Koma mukamabwera pa Pasaka, amayi mudzawalonjere m'Chichewa, chipewa chili m'manja. Fupa lija sindikubweza, akapeze lina, pamsika amapha ng'ombe sabata iliyonse. Ndalikoloweka pamsomali kuseri kwa chitseko, ndipo chingwe chake n'chachitali, khosi lanu likwana.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi mwana. Amayi akudziwa kuti ndikukulemberani, ngakhale sindinawauze zomwe ndalemba. Ati ndikufunseni ngati mukudya mokwanira kumeneko. Muwayankhe.

Ine mng'ono wanu,
Enoki.