Ndinapemphera Kuti Obiriwira Agonje

Lachinayi, 2 Januwale

Bambo a Keon aikanso makiyi a galimoto m'firiji. Kachiwiri. Chiwagundireni mutu pa masewero a mpira wa ku America a pa Khirisimasi, kuwala kwa pawindo kukuwalasa m'maso. Kwa dokotala wa timu akukanena kuti ali bwinobwino. Bodza. Ndikulemba kuti mawa asadzati ndimalota.

Loweruka, 4 Januwale

Tapambana, iwo ali pa benchi. Malo olowera mu ndime ya chipulula atsala amodzi, ndipo tafanana ndi timu ina pa chilichonse. Ndiye akuluakulu a ligi akuti aona amene anakumana ndi matimu olimba. Awonkhetsa masewero onse amene adani athu apambana chaka chino. Obiriwira, timu ya majuzi obiriwira imene tinasewera nayo mu Okutobala, akapambana mawa, ife talowa. Tikalowa, bambo a Keon avalanso chisoti n'kulowa m'bwalo.

Sukulu ndinalekera panjira, koma masamu awa ndawamva. Mutu wa mwamuna wanga uli m'manja mwa anthu osamudziwa n'komwe.

Lamulungu, 5 Januwale

Apongozi, mayi Loretta, anafika ndi nkhuku yokazinga ndi juzi yobiriwira. Amvekere, "Vala iwe Mirlande, lero tonse ndife obiriwira." Ndinakana. Amvekere, "Mkazi wanji wosafunira mwamuna wake zabwino?" Ndinangoyamwitsa Keon, mumtima ndikupemphera kuti obiriwirawo mpira uwapulumuke.

Mulungu sanandimvere. Apambana.

Nyumba yonse kukuwa. Bambo a Keon ananyamula mwana m'mwamba, kutsegula pakamwa kuti amutchule. Dzina osabwera. Anangoti, "Iwe, iwe kamnyamata." Ndinaona ndekha.

Lachiwiri, 7 Januwale

Ndawafunsa bambo a Keon chifukwa chimene akubisira madokotala. Akuti, "Zaka zisanu ndi chimodzi ndikudikira masewero amenewa. Ukayankhula wandipha." Kenaka analira. Inenso.

Dzulo anasanza m'bafa, atatsegula mpopi kuti ndisamve.

Lachitatu, 8 Januwale

Lero 2 koloko akuonana ndi dokotala wa ubongo, amene sali pansi pa timu. Akasaina iyeyo, basi, asewera. Akazi salowako, akutero apongozi. Tiona.

Mwina bambo a Keon sadzandikhululukira. Adane nane, bola azidziwa kuti akudana ndi ndani.

Keon ndamuveka jekete. Makiyi ndawapeza, m'firiji momwemo.

Bukuli ndikupita nalo kwa dokotalayo.