Mipata ya pa Njanji

Lolemba, 7 Okutobala

Chaka chachiwiri ndikujambula kasitima kokwera ndi kutsika ka pamalo a zisangalalo a bambo Jafar, kuno ku Lisasadzi. Pulani yachisanu ndi chimodzi. Gawo lozungulira chadodolido tinalichotsa, zitsulo zake sizinapezeke. Chitunda chachiwiri tinachifupikitsa. Atsala ndi makhota atatu pamunda umene kale unali wa fodya. Akufuna kutsegulira pa 15, Tsiku la Anakubala. Chatsala n'chakuti ine ndisaine kuti n'kotetezeka.

Lachitatu, 9 Okutobala

Ndachokapo tsiku limodzi lokha, kukatenga mabawuti ku Lilongwe. Ndapeza mipata yonse ya pa njanji yawotchereredwa. Yonse 14. Ndinaisiya dala, mamilimita 8 uliwonse, kuti chitsulo chikatentha chipeze kofutukukira. Samsoni, wowotcherera wathu, akuti: "Abwana anati ikuoneka ngati magweru a nkhalamba. Komanso ine ngolo ndapanga zaka makumi awiri, palibe inafutukukapo."

Ngolo. Zaka zinayi za ku koleji, andiyerekeza ndi ngolo.

Lachinayi, 10 Okutobala

Ndawalondola a Jafar kusitolo kwawo. "A injiniya, inu nkhawa ndiye ndiwo zanu. Tayesa dzulo, kayenda bwinobwino." Anayesa 6 koloko m'mawa, chitsulo chikadali zii! Ndati tidulenso mipata ija. Akuti penti yauma kale, alendo aitanidwa, a Shehe ndi abusa omwe. Woyamba kukwera, mpando wakutsogolo, akhala Amira, mwana wawo wa zaka 9.

Lachisanu, 11 Okutobala

1 koloko masana, njanji madigiri 58. Khota lachiwiri lapatuka ndi mamilimita 11. Ndayeza katatu. Mkazi wanga Thoko akuti usasaine, koma usayambane nawonso. Sanandiuze kuti zonse ziwiri zitheka bwanji.

Loweruka, 12 Okutobala

Kalata yachitatu yowachenjeza a Jafar. Aipinda n'kukhazikapo kapu ya tiyi. Antchito akunditcha "a Milimita". Ndamva ndekha kuseri kwa shedi.

Lolemba, 14 Okutobala

M'mawa ndinawauza a Jafar kuti ndisaina pokhapokha tiyese dzuwa lili pamutu, matumba a chimanga atakhala m'mipando. Anavomera akuseka. Matumba asanu ndi atatu. Kutsogolo ndinaika la theka, lolemera ngati mwana, n'kulimanga lamba ndekha.

A Jafar anabwera ndi Amira, atamufunditsa ambulera. Kasitima kanakwera bwino, kanatsika bwino. Pakhota lachiwiri kunangomveka kuti gwa! Gudumu lakumanzere linachoka panjanji, kasitima kanaima mwadzidzidzi kali chopendekeka. Thumba laling'ono lija linapulumuka pansi pa lamba, n'kukaphulikira pamzati wachitsulo. Chimanga mbwee, mpaka nkhuku za m'mudzi zinathamangira.

Amira anaseka. Bambo ake sanaseke. Anamugwira dzanja mpaka mwanayo anati, "Ababa, mukundipweteka."

Kenako anatembenukira kwa ine. "A injiniya, bwanji simunanenetse?"

Makalata atatu. Fomu ikadali m'thumba la malaya, yosasaina, yanyowa ndi thukuta.

Nditacheuka ndinaona Samsoni akukoka chingwe cha girayinda yodulira zitsulo kulunjika kukhota lachiwiri. Anafika pamene ndinaima, maso ali pansi.

"Paja munati mamilimita angati?"