Nkhuku Zanga M'galimoto ya Alamu Anu

Achemwali okondedwa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana onse. Nanga mwendo wa amayi uja ukutupabe, kapena mankhwala aja anathandiza? Mundiuze zoona, musandibisire. Kuno ana ali bwino, wamng'ono wagulula dzino lakutsogolo ndipo akukana kuseka pagulu. Ine m'thupi ndilibe vuto, koma mumtima ndiye ayi. Ndasankha kulemba m'malo moimba foni chifukwa nyumba zathu zino n'zogundana, ukatsokomola amayankha ndi aneba.

Mukuikumbuka galimoto ija alamu anu anakutumizirani chithunzi chake atatsamira pa boneti? Yakuda, yaitali ngati yonyamula maliro, mipando yachikopa. Anagula kwa abwana awo akale, amene anali atatopa nayo. Ine ndinapempha kuti tiyambe tagula firiji yaikulu ya bizinesi yanga ya nkhuku, iwo anati munthu wa mu ofesi sangamatsike minibasi makasitomala akuona. Chigulireni, galimoto imeneyo imasamba kawirikawiri kuposa ana.

Mwezi wathawu inayamba kuvuta kulira m'mawa. Atapita nayo kugalaja yodziwa magalimoto a mtundu umenewo, anawauza kuti batire latopa. Mtengo umene anatchula unali wa batire, kuliika, komanso kuiuza kompyuta ya galimotoyo kuti yalandira batire latsopano. Inde achemwali, galimoto imeneyi imafuna kuuzidwa chilichonse ngati apongozi. Alamu anu anabwerako akutukwana, akuti a kugalaja ndi mbava zovala maovolosi oyera, batire ndi mawaya awiri basi, ndipo ndi theka la ndalama imeneyo akhoza kugula ndi kuika okha. Ameneyo ndi munthu woti babu ikapsa m'nyumba amaitana ine. Anatha sabata akuonera mavidiyo pafoni, kenako anabwera ndi batire logula kwa munthu wina wa m'mbali mwa msewu ndi sipanala yobwereka.

Tsiku limene anasankha linali Loweruka, pomwe ine ndinali ndi oda yaikulu imene sindinailandirepo chiyambire. Kuhotela ina kunali ukwati, ndipo mkulu wa kukhitchini, amene ndinamunyengerera miyezi yambiri kuti aziguleko kwa ine, anafuna nkhuku zonse za m'khola langa. Ndinalawirira kupha ndi kusosola mothandizidwa ndi mayi woyandikana nafe, mpaka zala kuchita makwinya. Nditati ndiitane takisi, alamu anu anakalipa kuti n'zochititsa manyazi mkazi wa mwini galimoto kumakwera za hayala. Anati ndingolongeza, ntchito yawo ndi yakanthawi kochepa. Anayala okha mapulasitiki pampando wakumbuyo, ine n'kusanja mabeseni anga, n'kuthira madzi oundana pamwamba.

Ana a pamalo pano anaunjikana kudzaonerera. Wina atangogwira chitseko, alamu anu anakiya zitseko zonse ndi rimoti kuti asadetse mipando. Batire la galimoto imeneyi silikhala kutsogolo ayi, limakhala kubuti, pansi pa kapeti. Analimbana nalo mpaka analitulutsa, thukuta lili kamukamu. Nthawi yomweyo mvula inayamba kudontha. Poopa kuti kapeti inyowa, anaponya batire latsopano lija m'buti osalumikiza, n'kutseka kuti phaa.

Achemwali, buti imeneyo imatseguka ndi magetsi okha. Zitseko chimodzimodzi. Anadina rimoti mpaka chala kuwawa, galimoto ili duu. Akuti mkati mwa rimotimo mumayenera kukhala kakiyi kachitsulo kotsegulira zinthu zikatere, koma abwana aja anakataya kalekale. Nkhuku zanga ndinkaziona bwinobwino pagalasi, zoyera, zosanjidwa mwaulemu, koma kuzifikira ayi.

Ndinatola njerwa kuti ndiswe kagalasi kakumbuyo. Alamu anu anandigwira dzanja pamaso pa aneba onse, nati, “Galasi limodzi ili likhoza kugula nkhuku zako zonsezo ndi khola lomwe.” Ine njerwa ija ndinaiika pansi, ndipo mpaka lero sindikudziwa chimene ndinaiikira pansi.

Mkulu wa kukhitchini anaimba foni kangapo. Nditamuuza zoona, anandiyankha mofatsa kuti ukwati sudikira batire, wapeza wina, ndipo ndisavutikenso kumuimbira.

Kugalaja anali atatseka kale mpaka Lolemba. Litafika Lolemba, alamu anu anakana kupitako, akuti akawaseka. M'malo mwake ankabwera ndi anzawo a ku ofesi, aliyense ndi nzeru zake. Wina anapisa waya wa hang'ala pachitseko mpaka kukanda penti. Wina anati aigwedeze mwina buti itseguka yokha. Mvula nayo inatha, kunabwera dzuwa loswa mtengo. Magalasi anayamba kuchita nthunzi mkati, kenako fungo linapeza potulukira.

Sindidziwa kuti ndilifotokoze bwanji fungo limenelo. Linkalowa m'zovala zapachingwe, m'madzi akumwa, mpaka m'buledi. Ntchentche zobiriwira zija zinadzaza pa magalasi ngati zaitanidwa. Agalu a m'dera lonse anasamukira pakhomo pathu. Mayi woyandikana nafe uja anayamba kukaphikira kwa mng'ono wake, ndipo ana anga kusukulu anawapatsa dzina loti a kwa Chivunde. Wamkulu anabwera akulira, chakudya osachikhudza. Alamu anu chimene anachita n'kufunditsa galimoto chinsalu chake n'kupopera perefyumu pamwamba. Fungo la perefyumu ndi la nyama yowola zitasakanikirana, ine ndinathamangira kuseri kwa bafa.

Anatipulumutsa ndi mayi eninyumba. Anabwera atatseka mphuno ndi mpango, n'kunena kuti pofika madzulo pachoke chimodzi, galimoto kapena ife ndi katundu wathu. Apo m'pamene alamu anu anaimbira a kugalaja, n'kubwera chigalimoto chonyamula zinzake. Msewu wonse unatuluka kudzaperekeza.

Ndinapita nawo chifukwa ndinkafuna mabeseni anga. Amakaniko atatsegula chitseko, onse anabalalika, wina anakasanzira m'ngalande. Zomwe ndinaona pampando paja sindilemba zonse, mungaleke kudya. Mphutsi zinali yakaliyakali, madzi akuda atasefukira m'mabeseni, kudutsa mapulasitiki aja, kulowa m'misoko ya chikopa mpaka pansi. Nkhuku zomwe ndinalera kuyambira zili anapiye, kuzidzukira kukazizira, kuzisosola ndi manja angawa. Mabeseni ndinawasiya komweko.

Ndiye mverani za kupulumutsa ndalama kuja. Batire la m'mbali mwa msewu linapezeka kuti si la galimoto imeneyo, ndipo wogulitsayo anakana kulilandiranso. Alamu anu analipira kunyamula galimoto, kutsegula, batire lina loyenera, kuiuza kompyuta kuja, kusulitsa kiyi, ndi kuzula mpando wonse wakumbuyo n'kukautaya. Mtengo woyamba umene ankautcha wakuba uja unangokhala ngati wa ndiwo poyerekeza ndi zimenezi. Safunsa anadya phula, koma phula limeneli tadya tonse, ndi ana omwe.

Chimene chikundinyansa kwambiri si mphutsi ayi. Titabwerera kunyumba, anandiuza kuti ndikachape kapeti ya galimoto popeza nkhuku zinali zanga. Ndinawayankha mawu amene sindinawayankhepo chikwatirane, ndipo kapetiyo anakachapitsa kwina. Kufikira lero sanandifunseko kuti bizinesi yanga iyambiranso pati. Tsiku lina ndinawamva pakhonde akuuza anzawo kuti akazi ndi osasamala, wawo anaiwala nyama m'galimoto. Anzawowo n'kumaseka. Ine ndinali m'nyumba ndikuwasitira malaya.

Panopa galimoto ikuyenda. Kumbuyo kulibe mpando, magalasi amakhala otsitsa ngakhale kukuzizira, ndipo fungo silinathe. Limawatsatira mpaka m'majekete, moti zovala zawo ndikuzipachika pazokha. Akaima kuti atenge munthu pamsewu, aliyense amati zikomo, akufuna kuwongola miyendo. Ine ndi ana timapita kutchalitchi wapansi, iwo n'kumatidutsa okhaokha, tayi ili pakhosi.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Njinga ya malemu bambo ija, yakeliyala yaikulu, ngati ikadali m'chipinda chosungira katundu, munditumizire pa basi. Ndapeza anapiye ochepa, ndipo mayi wina wa kalesitilanti pafupi ndi msika wavomera kumatenga pang'onopang'ono zikakula. Ndikufuna ndizikapereka ndekha, pa chinthu choti wokiya ndine, wotsegulanso ndine. Matayala ndi tcheni ndidzakonzetsa konkuno. Polemba pa katunduyo mulembe dzina langa ndi nambala yanga, osati yawo. Amayi musawafotokozere zonsezi, angadwale nazo. Mungowauza kuti ndikufuna njinga yopitira kumsika.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mwendowo asamaupondere kwambiri. Moni kwa alamu anga, kwa azakhali, kwa achimwene ndi akazi awo, ndi kwa ana anu onse, makamaka kamtsikana kongobadwa kumene kamene sindinakanyamulebe. Adzukulu a amayi kuno akuti awasowa agogo.

Alamu anu nawonso akupereka moni. Atandiona ndikulemba anandifunsa ngati ndatchulako za galimoto, ndipo nditavomera anasangalala kwambiri. Akuti ndikuuzeni kuti tchuthi chikubwerachi adzakuyendetsaniko.

Tsalani bwino,

Ine mng'ono wanu,
Make awiri