Impso Zabwino Munapatsa Esinati

Amayi, kaya inu muli bwanji kumeneko, ine kuno ndakwiya. Ndangotsika minibasi kuchokera kuchipatala, ndipo mng'ono wanga Esinati, wapamtima wanu uja, wandinyaditsa njira yonse.

Chimwalirireni inu, tonse awiri anatipeza ndi shuga. Lero atiyeza magazi ndi mkodzo. Iye impso zake zili bwinobwino. Zanga ati zayamba kuwonongeka, n'chifukwa chake mapazi akutupa mpaka patapata kukana kulowa.

Adokotala anandiuza kuti m'kati mwa impso muli tizinthu tosaoneka ndi maso timene timadzisesa tokha, kudya zinyalala zake zomwe. Shuga akachuluka timachita ulesi, zinyalala n'kuunjikana, ndipo ophunzira akufufuzabe mankhwala oti atidzutse. Ulesi, ine? Ndinayamba kusesa pakhomo panu Esinati ali kumbuyo kwanu.

Paja iye anakwatiwa ndi Msilamu kwa Kawinga, ndiye akuti chamutsuka m'kati ndi kusala kwa Ramazani. Ndinati basi, nanenso ndiyamba mawa. Adokotala anati iyayi, ndi mapiritsi amene ndikumwawa ndikadumpha chakudya ndikomoka, komanso palibe akudziwa ngati chamuthandiza ndi kusalako. Esinati mawu amenewo sanawamve, amangokonza mpango wake.

Rozi wanga wabereka mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu. Nandolo anachita bwino, chimanga chinapsa ndi dzuwa.

Koma chikundiwawa ndi dimba lanu lakumtsinje lija. Achimwene, monga eni mbumba, akuti poti sindingawerame, chaka chino alime Esinati. Munthu amene anachoka kwa Nsamala kuno ali mtsikana, sadziwa ndi pamene pamakhala chinyezi pomwe. Inu munkakonda kunena kuti Felesiya ndi wolimba, safuna womuyang'anira. Aliyense anakukhulupirirani, mpaka lero palibe wandifunsa ngati ndatopa. Ndatopa, amayi.

Dimbalo sindipereka. Ndikulonjeza, mpiru ndikabzala ndekha, ngakhale nditakhala pansi, ndikukhwekhwereza miyendo mzere ndi mzere. Achimwene akandipeze momwemo andinyamule okha.

Ndilekeze pano ndikadye, manja ayamba kunjenjemera. Ndimakukondanibe, ngakhale munagawa mokondera.

Ine mwana wanu woyamba,
Felesiya